Ndege zankhondo zikapuma pantchito zimathera kuti? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza nthawi iliyonse pakamveka nkhani yoti dziko lakuti lasiya kugwiritsa ntchito ndege zake zakale. Tikukamba makamaka za ma fighter, zija zaliwiro zokwera munthu mmodzi kapena awiri, ngakhale apo ndi apo titchulako zazikulu zoponya mabomba poti nthawi zambiri zimakathera malo amodzi.

Kodi ndege ikapuma ndiye kuti yafa, siingaulukenso?

Ayi. Zambiri zimauluka zokha bwinobwino kupita komwe zikukasungidwa, woyendetsa n'kutsika, n'kusayina mapepala, n'kubwerera kwawo pa ndege ina. Kupuma kumangotanthauza kuti asilikali aichotsa pa mndandanda wa ndege zomwe angakamenyere nkhondo ndipo asiya kuilipirira ndalama zoisamalira tsiku ndi tsiku. Zomwe zichitike pambuyo pake ndi nkhani ina, ndipo imatengera zinthu ziwiri basi: ndalama, komanso mantha oti ndegeyo kapena mapati ake angagwere m'manja mwa ndani.

Nanga amaipumitsiranji ngati ikadali yotha kuuluka?

Chifukwa choyamba ndi kutopa kwa chitsulo. Mukatenga waya n'kumaupinda uku ndi uku, poyamba suonetsa kanthu koma kenako umangothyoka mwadzidzidzi, nde mapiko a fighter amakumana ndi zomwezo nthawi iliyonse ikakhota mwamphamvu. F-16 imatha kukhota mpaka 9g, kutanthauza kuti chilichonse chili m'ndegemo, kuphatikiza munthu, chimalemera ka 9 kuposa masiku onse. Ming'alu ing'onoing'ono imayamba pomwe phiko lalumikizana ndi thupi la ndege, m'mabowo a mabawuti, malo oti ndi maso simungaone mpaka mutaphwasula ndege yonse. N'chifukwa chake zaka za ndege sizikhala nkhani kwenikweni, amawerenga maola omwe yauluka komanso mmene yaulukira. F-16 anaipangira maola 8,000, ndipo America inachita pulogalamu yolimbitsa zina kuti zifike maola 12,000.

Chachiwiri ndi ndalama. Ndege ikamakalamba imafuna maola ochuluka a mamakaniko pa ola limodzi lomwe yauluka, makampani omwe ankapanga tizipangizo take tina anatseka kalekale, ndipo imafika poti boma likuwononga ndalama zambiri posamalira ndege yomwe radar yake olo makompyuta ake sangalimbane ndi za mdani.

Ndiye pali ndale ndi bajeti. Britain inapumitsa ma Harrier ake onse mu 2010 si kuti anali atatha, ayi, boma linkadula bajeti ya asilikali. Pomwe India inakakamira MiG-21 kuchokera 1963 mpaka 2025 chifukwa ndege zolowa m'malo mwake zinkachedwa kufika, ngakhale ngozi zake zinali zodandaulitsa kwa zaka zambiri. Ku America zimachitikanso mosiyana, asilikali kufuna kupumitsa ndege koma nyumba ya malamulo n'kukana, ngati mmene zinakhalira zaka zambiri ndi A-10 komanso ma F-22 akale kwambiri.

Mwachidule, njira zake ndi ziti?

Kusungidwa, kuchotsedwa mapati, kugulitsidwa kapena kuperekedwa ku dziko lina, kugulidwa ndi kampani, kusandutsidwa chandamale chowombera, kupita ku myuziyamu kapena kusukulu ya mamakaniko, ndipo pamapeto penipeni kudulidwa kukhala sikirapu. Ndege imodzi imatha kudutsa njira zitatu kapena zinayi mwa zimenezi isanathe.

Zithunzi zija za ndege zambirimbiri zitandandalikidwa m'chipululu ndi zakuti?

Ndi ku Davis-Monthan Air Force Base, mumzinda wa Tucson ku Arizona, m'dziko la America. Gulu loyang'anira malowa limatchedwa 309th AMARG koma aliyense amangoti Boneyard. Anayamba mu 1946, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, posunga ma B-29 ndi ma C-47 omwe analibenso ntchito. Lero ndi malo a maekala pafupifupi 2,600 ndipo pali ndege zoposa 3,000, za nthambi za asilikali a America (Air Force, Navy, Marines, Army, Coast Guard) mpaka za NASA.

Anthu amakonda kunena kuti ndege za pamenepo zikanakhala dziko palokha bwenzi lili ndi gulu la ndege lalikulu kuposa maiko pafupifupi onse. Pa chiwerengero n'zoona, koma musakopeke nazo, zambiri mwa izo zilibe injini, zina zilibe mapiko, zina zatsala chigoba chokha chitakhazikidwa pamatabwa.

Chifukwa chiyani m'chipululu?

Mdani wamkulu wa ndege yongokhala ndi chinyezi. Aluminiyamu amadyeka, mawaya amawonongeka, madzi amalowa m'matanki. Ku Tucson mvula siifika mamilimita 300 pachaka ndipo mpweya ndi wouma. Chinanso chomwe ambiri sachidziwa ndi nthaka yake: pansi pang'ono pali dothi lolimba ngati konkire lomwe amalitcha caliche, moti ndege zolemera amangozikoka n'kuziimika pa dothi pomwepo osatitimira, osafunika kuthira phula kapena simenti malo onsewo.

Dzuwa lokha ndi lomwe limavuta, nde funso lotsatirali likufotokoza mmene amathanirana nalo.

Ndege ikafika kumeneko amaichita chiyani?

Poyamba amachotsa zonse zoopsa ndi zachinsinsi: mfuti, tizipangizo tophulika ta mpando wothawira pangozi, zida zina za radar ndi zolumikizirana. Kenako amaitsuka, makamaka za Navy zomwe zakhala zaka pa sitima zapanyanja zikumenyedwa ndi mchere. Mafuta onse amakhuthula, n'kuthiramo oyilo wopepuka, n'kuliza injini pang'ono kuti oyiloyo adutse m'mapaipi monse n'kumatirira mkati kuti ateteze.

Akatero amatseka bowo lililonse, pakamwa pa injini, kumbuyo kotulukira utsi, mipata ya zitseko ndi galasi la pomwe amakhala woyendetsa, kenako amapopera zinthu zonga pulasitiki zomwe zimadzasendeka mosavuta, zakuda pansi zotseka fumbi ndi madzi, zoyera pamwamba zobweza dzuwa. Zoyera zomwe mumaona pazithunzi ndi zimenezo, si penti. Popanda izo mkati mwa ndege mungatenthe moti mapulasitiki ndi zamagetsi zingawonongeke.

Sizisungidwa mofanana zonse. Type 1000 ndi yoti isakhudzidwe, palibe kuchotsapo olo bawuti popanda chilolezo chapadera, chifukwa mwina idzafunikanso. Type 2000 ndi yochotsapo mapati. Type 3000 ndi yongodikira kanthawi kochepa, imasungidwa ili pafupi kuuluka, pena ikuyembekeza wogula. Type 4000 ndiye kuti zofunika zonse zatengedwa, yatsala kudulidwa.

Zilipodi zomwe zinabwererako kuntchito?

Zilipo, ndipo si zochepa. Indonesia inalandira ma F-16 okwana 24 omwe anatengedwa ku Boneyard, n'kukakonzedwa ku Hill Air Force Base ku Utah, n'kuyamba kufika kuyambira 2014. Pa zikuluzikulu, B-52 yotchedwa Ghost Rider inakhala m'chipululu kuchokera 2008 n'kudzaulukanso mu 2015 kukalowa m'malo mwa inzake yomwe inapsa, ndipo ina yotchedwa Wise Guy inatsatira mu 2019. Koma gulu lalikulu la zodzutsidwa ndi lomwe limadzutsidwira kukaphedwa, onani funso la ma drone pansipa.

Kudzutsa ndege si ntchito ya sabata imodzi. Mapaipi a labala amakhala atauma, matayala atha, mawaya ayenera kuyesedwa limodzilimodzi, nde zimatenga miyezi.

Bwanji osangogula mapati atsopano m'malo mosunga zigoba?

Chifukwa nthawi zambiri atsopanowo kulibe. Ndege yomwe fakitale yake inatseka zaka 30 zapitazo, ikathyoka kachitsulo kena ka m'phiko, kuti mupeze kampani yoti ikupangireni kamodzi kokha ndiye muyembekeza miyezi yambiri ndipo mtengo wake udzakhala wamisala. Pomwe m'chipululu muli ndege mazana za mtundu womwewo, munthu amangopita ndi sipanala, n'kumasula, n'kuyesa, n'kutumiza.

Apa ndi pomwe pali phindu lenileni la ndege yopuma, ndipo ine ndimaona kuti dzina loti manda a ndege limasokoneza anthu, malowa ndi sitolo ya mapati kuposa china chilichonse. Ma Harrier a Britain aja, onse 72, anagulidwa ndi America mu 2011 pamtengo wa madola pafupifupi 180 miliyoni, osati kuti aziuluka koma kuti azidyetsa ma Harrier a Marines. Ku Britain anthu ambiri anakwiya nazo poti zina zinali zitangokonzedwa kumene ndi ndalama zambiri. RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, nayo inkachita zomwezo ndi ma Tornado ake ku Leeming, kuphwasula imodzi kuti zotsalazo zipitirize kuuluka mpaka pomwe ma Tornado onse a Britain anapuma mu 2019.

Kodi maiko amagulitsana ndege zogwiritsidwa kale ntchito?

Kwambiri, ndipo maiko ena omwe ali ndi ma fighter sanagulepo yatsopano. F-16 ndiye imayenda kwambiri pamsikawu chifukwa maiko a ku Europe akulowa mu F-35. Netherlands inagulitsa zake ku Chile ndi Jordan. Portugal inagulitsa ku Romania, kenako Norway inawonjezera zina 32 ku Romania komweko. Denmark inagwirizana ndi Argentina mu 2024 za ndege 24. Zina za Netherlands ndi Denmark zinaperekedwa ku Ukraine ndipo zinayamba kufika mu 2024, kutanthauza kuti ndege zomwe zimayenera kukapuma zinapezeka zili pankhondo yeniyeni zili ndi zaka pafupifupi 40.

Si F-16 yokha. Canada inagula ma F/A-18 Hornet akale a Australia podikira ndege zatsopano. Greece ndi Croatia anagula ma Rafale omwe France inali ikugwiritsa ntchito. Mu Africa, Botswana inagula ma CF-5 ku Canada mu 1996, Kenya inawonjezera ma F-5 ake ndi ena ochokera ku Jordan, ndipo South Africa itapumitsa ma Cheetah mu 2008 pobwera Gripen, 12 inagulitsa ku Ecuador. Ma Mirage F1 ena a South Africa anakathera ku Gabon ndi Congo-Brazzaville.

Ndiye dziko likhoza kugulitsa ndege zake kwa aliyense yemwe lamufuna?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Mukagula fighter mumasayina kuti simudzaipereka kwa wina popanda chilolezo cha dziko lomwe linaipanga, ndipo lamuloli silitha olo ndege itakalamba bwanji. F-16 iliyonse, kaya ili ku Denmark kaya ku Israel, siisuntha Washington isanavomere.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha Croatia. Mu 2018 inasankha kugula ma F-16 okwana 12 ku Israel, zonse zinali zitakambidwa, koma America inati ndegezo zipite zitachotsedwa zida zonse zomwe Israel inaikamo yokha, zibwerere mmene zinalili pochoka ku fakitale. Croatia inkazifuna ndi zida zomwezo, nde mgwirizano unafera pomwepo kumayambiriro kwa 2019, ndi chifukwa chake anakathera pa Rafale.

Nkhani ya ma MiG-29 a East Germany ndi yosangalatsanso. Germany itagwirizana mu 1990 inatengera ndegezi ngati chuma chamasiye, inaziulutsa zaka zingapo, kenako inapereka 22 ku Poland pamtengo wa 1 euro, wongofuna kuti papepala palembedwe kuti zagulidwa. Patapita zaka pafupifupi 20, mu 2023, Poland itafuna kupereka zina mwa zomwezo ku Ukraine inayenera kupempha kaye chilolezo ku Berlin.

Pena dziko limagula ndege zakale pongofuna kuti wina asazigule. Mu 1997 America inagula ma MiG-29 okwana 21 ku Moldova poopa kuti athera ku Iran.

Kugula yakale si ndiye kutchipa?

Pogula, eya. Koma mtengo wa ndege yokhayo ndi kagawo kochepa. Pamafunika kuphunzitsa oyendetsa ndi mamakaniko, kugula mizinga, ma simulator, mapati, zida zoyesera, pena kukonzanso bwalo la ndege, ndipo mukugula ndege yomwe mwini wake waisiya chifukwa ikudya ndalama ndipo maola ake atsala ochepa. Zimapindula ngati mtunduwo ukadali wochuluka padziko moti mapati ndi akatswiri ndi osavuta kupeza, monga F-16. Koma kugula mtundu womwe aliyense akuusiya ndiye kugula mavuto, chifukwa mudzatsala nokha ndipo pakapita zaka zochepa mudzayamba kuphwasula ndege zanu zomwe kuti ziwiri zitatu ziziuluka. Ecuador inapumitsa ma Cheetah aja patangotha zaka pafupifupi khumi.

Ndi zoona kuti zina amazisandutsa ma drone n'kuziwombera?

Zoona. Mzinga watsopano sungayesedwe pakompyuta pokha, pamafunika kuuona ukuthamangitsa chinthu chachikulu ngati fighter yeniyeni, chotentha ngati fighter, chokhota ngati fighter, choponya zosokoneza ngati fighter. Nde amatenga ndege yopuma, n'kuikamo zida zoyendetsera ali pansi, n'kupenta mchira ndi nsonga za mapiko mtundu wa olenji, n'kuwonjezera chilembo Q kutsogolo kwa dzina lake. Ma F-4 Phantom oposa 300 anasanduka QF-4 ndipo omaliza anapuma mu Disembala 2016 ku Holloman, New Mexico. Panopa ntchitoyi ili ndi QF-16, yomwe inauluka koyamba popanda munthu mu Seputembala 2013 ku Tyndall, Florida.

Sikuti imafa paulendo woyamba. Maulendo ambiri imauluka ndi munthu mkati ngati ndege wamba, ndipo olo ikauluka yopanda munthu mzinga wake nthawi zambiri umakhala wopanda bomba, ndegeyo ili ndi zida zoyeza kuti mzinga wadutsa pafupi bwanji, n'kubwerera kukatera. Imanyamulanso bomba lakelake, loti ikasokonekera n'kuyamba kulowera komwe kuli anthu aiphulitse ili m'mwamba.

China nayo yasandutsa ma J-6 ake akale kukhala opanda munthu, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti cholinga si kuyesera mizinga kokha koma kudzazitumiza zambiri nthawi imodzi kuti mdani amalize mizinga yake pa ndege zotha ntchito.

Ndinamva kuti makampani wamba ali ndi ma fighter, zimatheka bwanji?

Oyendetsa ndege zankhondo amafunika mdani woyeserera naye tsiku ndi tsiku. Kugwiritsa ntchito F-35 kapena F-22 ngati mdani ndi kuwononga maola odula a ndege yatsopano, nde maboma amapereka makontirakiti ku makampani omwe amagula ndege zopuma n'kulemba ntchito oyendetsa omwe anapumanso usilikali. Draken International inagula ma A-4 Skyhawk omwe anali a New Zealand, ma Mirage F1 a Spain, ndipo mu 2017 inagwirizana zogula ma Cheetah 12 ku South Africa. ATAC inagula ma Mirage F1 okwana 63 ku France chaka chomwecho. Top Aces ya ku Canada ndiye inafika patali, inagula ma F-16 akale a Israel omwe anayamba kufika ku Arizona mu 2021.

Ndegezi sizinyamula zida zenizeni, zimangonyamula radar ndi zoyeserera, ndipo chilolezo chomwe tafotokoza pamwambapa chimagwiranso ntchito pano.

Nanga munthu wamba wandalama zake angagule?

Angagule, koma osati iliyonse. Zosavuta kupeza ndi zomwe zinachokera ku Soviet Union ndi maiko omwe anali ogwirizana nayo, monga MiG-15, MiG-17, MiG-21 ndi ndege yophunzirira ya L-39 Albatros, komanso zakale za Britain monga Hawker Hunter. Wabizinesi wa ku America Jared Isaacman anagula MiG-29 yomwe kale inali ya Paul Allen, mmodzi mwa oyambitsa Microsoft. Ndege za asilikali a America ndiye n'zovuta kwambiri, boma silizigulitsa kwa anthu zili zoti zingauluke, moti bungwe la Collings Foundation kuti lipeze F-4 Phantom yowuluka panafunika kuti Congress, nyumba ya malamulo ya America, idutsitse lamulo lapadera.

Mfuti ndi zonse zoponyera zida zimachotsedwa. Ndipo kugulako ndi mbali yophweka, chomwe chimagwetsa anthu ndi mafuta, inshuwalansi, makaniko wodziwa ndege imeneyo, ndi tizipangizo ta mpando wothawira tomwe timatha nthawi ndipo pena sitipangidwanso. Malamulo amakhwimanso pakachitika ngozi. Ku Britain anakhwimitsa kwambiri Hunter itagwera pamsewu pachionetsero cha ku Shoreham mu 2015 n'kupha anthu 11.

N'chifukwa chiyani F-14 Tomcat sizipezeka paliponse kupatula ku myuziyamu?

Chifukwa cha Iran. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Shah, mfumu ya dzikolo, Iran inali bwenzi la America ndipo inalandira ma F-14 okwana 79, dziko lokhalo lakunja lomwe linagulako. Boma litasintha mu 1979 ubale unatha, mapati anasiya kupita, koma Iran inapitiriza kuziulutsa zaka makumi ambiri pophwasula zina, kupanga mapati okha, ndi kugula mozemba kudzera mwa anthu apakati.

Nde Navy ya America itapumitsa zake mu 2006, bawuti iliyonse ya Tomcat padziko lapansi inali ndi kasitomala mmodzi yekha. Zitaoneka kuti mapati ena akudutsa m'misika ya katundu wotsala wa asilikali, boma la America linaletsa kugulitsa chilichonse cha F-14 ndipo kuyambira 2007 linayamba kuzidula ndi makina mpaka tizidutswa tosazindikirika. Zomwe zinapita ku myuziyamu zinachotsedwa zofunika zonse.

Zija zimakhala pachipilala pageti kapena mu myuziyamu ndi zenizeni?

Zambiri ndi zenizeni koma ndi zigoba, mulibe injini, mulibe zida, mpando wake ndi wopanda zophulika. Zina pachipilala ndi zongoumba ndi fibreglass, makamaka ngati ndege yeniyeni ndi yosowa moti n'zopweteka kuisiya pamvula. Nambala ndi penti zomwe mukuona si nthawi zonse zimakhala za ndege imeneyo, amakonda kuipenta kuti ifanane ndi ina yotchuka.

Ku America ndege zoterezi nthawi zambiri zimakhalabe za boma, myuziyamu kapena mzinda umangobwereka ndipo ukalephera kuisamalira amatha kuilanda. Malo akuluakulu oonerako ndi National Museum of the US Air Force ku Dayton, Pima Air & Space Museum yomwe ili pafupi ndi Boneyard, RAF Museum ku London ndi Cosford, ndi SAAF Museum ku Swartkop pafupi ndi Pretoria.

Pali zinanso zomwe sizionekera kwa anthu koma zikugwira ntchito yaikulu: zophunzirira mamakaniko atsopano, zophunzirira kumangirira mabomba, zoyeserera ozimitsa moto mmene angatulutsire woyendetsa, ndi zoikidwa pansi kumalo oyeserera kuti anzawo aziziponyera mabomba.

Ikadulidwa, zitsulo zake zimapita kuti? Si ndalama zambiri zimenezo?

Si zambiri ngati mmene mukuganizira. Fighter ndi yaing'ono, F-16 yopanda mafuta imalemera matani osafika 10, ndipo aluminiyamu wake ndi wosakanikirana ndi ma rivet, penti ndi zomatira moti akasungunulidwa sabwereranso ku ndege, amakapangira zinthu wamba. Zamtengo ndi titanium ndi zitsulo zapadera za mu injini. Ku Britain ayesapo kugaya titanium wa mapati a Tornado kukhala fumbi lopangira mapati atsopano pa 3D printer, pokonzekera ndege yawo ya mtsogolo ya Tempest.

Isanadulidwe iyenera kuwonongedwa mwadala moti isadzakonzekenso, ndipo pamakhala woimira boma woonerera n'kusayina. Komanso muli zinthu zapoizoni: penti yokhala ndi chromium, cadmium, asbestos mu zakale, ndipo F-16 imanyamula hydrazine woyendetsera magetsi pangozi, yemwe ndi woopsa kwambiri kumupuma. Ndege zatsopano zili ndi carbon fibre yambiri yomwe siisungunuka ngati chitsulo ndipo fumbi lake ndi loipa m'mapapo.

Pena kudula kumadula kuposa phindu la sikirapuyo. Australia itapumitsa ma F-111 mu 2010, inapeza kuti matupi ake ali ndi asbestos m'zomatira moti kuwadula bwinobwino kukanadya ndalama zambiri, nde mu Novembala 2011 inangokwirira matupi 23 m'dzenje la zinyalala ku Swanbank, pafupi ndi Ipswich ku Queensland. Zithunzi zake zitatuluka anthu okonda ndegeyi zinawapweteka kwambiri.

Kudula kotchuka kwambiri kunali kwa ma B-52. Pamgwirizano wa START wa 1991, wochepetsa zida za nyukiliya pakati pa America ndi Soviet Union, America inadula 365 ndi chimpeni cholemera matani pafupifupi 6 chogwetsedwa kuchokera pa crane, ndipo zidutswa zinkasiyidwa pamtetete masiku 90 kuti ma satellite a Russia azione n'kutsimikiza.

Nanga ndege za stealth, zija zovuta kuziona pa radar?

Izi ndiye sizichoka m'manja mwa boma chisawawa. F-117 inapuma mu 2008 koma siinapite ku Boneyard, anaisunga m'mashedi ku Tonopah ku Nevada, Congress italamula kuti zikhale zoti zingadzutsidwe. Patapita zaka anthu anayamba kuzijambula zikuuluka, ndipo Air Force inavomera kuti zina ikuzigwiritsa ntchito poyesera zida komanso ngati mdani woyeserera. Zomwe zikupita ku myuziyamu, monga ya ku Reagan Library, amayamba azipala kaye utoto wonse womeza radar, chifukwa ndi wachinsinsi komanso wapoizoni, n'kusintha mbali zina ndi zongofanizira.

F-22 siingagulitsidwe kunja olo itapuma, pali lamulo la 1998 loletsa zimenezo.

Maiko omwe alibe chipululu ngati Arizona amatani?

Ochepa ndege amasunga m'mashedi okhala ndi makina ochotsa chinyezi, monga RAF imachitira ku Shawbury, kapena kuikulunga ndege yonse m'chithumba chotsekeka. France inkasunga zake ku Châteaudun. Koma kunena zoona, m'maiko ambiri palibe pulani iliyonse, ndege imangokokeredwa kumapeto kwa bwalo, matayala n'kuphwa, udzu n'kumera, mbalame n'kumanga zisa mu injini. Mukayang'ana mabwalo a asilikali pa mapu a satellite mudzaona mizere ya ma MiG omwe akhala pamalo amodzi zaka makumi. Ndipo olo zimenezi zimakhala ndi kantchito kake, pankhondo zimasokoneza mdani yemwe amawononga mzinga wodula pa chigoba.

Iraq inayesa njira ina mu 2003, inakwirira ma MiG-25 ndi ndege zina mumchenga ku Al Taqaddum kuti zisaphulitsidwe. Asilikali a America anadzazifukula patapita miyezi, ndipo palibe inaulukanso.

Ma injini ake amagwiranso ntchito zina kunja kwa ndege?

Injini imakhala ndi moyo wakewake, imachotsedwa n'kuikidwa mu ndege ina kambirimbiri, nde ndi chinthu choyamba kutengedwa ndege ikapuma. Zikatha ntchito m'mwamba zina zimapeza ganyu pansi. Ku Soviet Union ankamangirira injini zakale za MiG-15 pa malole kuti ziziuluza ndi kusungunula chipale pamabwalo a ndege. Mu 1991, zitsime za mafuta zikuyaka ku Kuwait, akatswiri a ku Hungary anabwera ndi makina otchedwa Big Wind, injini ziwiri za MiG-21 zitakhazikidwa pa thupi la tanki ya T-34, zomwe zinkauzira madzi mwamphamvu moti moto unkangoduka pakamwa pa chitsime.

Galimoto ya ThrustSSC, yomwe mu Okutobala 1997 inathamanga makilomita 1,228 pa ola ku Black Rock Desert ku Nevada n'kukhala yoyamba kupitirira liwiro la phokoso pamtunda, inkayendera injini ziwiri za Rolls-Royce Spey, mtundu womwe unali mu ma Phantom a Britain. Woyendetsa wake, Andy Green, anali woyendetsa ndege wa RAF yemwe anaulutsapo ma Phantom omwewo.